Njira Yolakwika Yokwerera Kilimanjaro

Masiku ano Loweruka likangocha, mumapeza magulu a anthu a zikwama kumsana ali chikwerekwere pa Michiru, pa Zomba, pa Dedza kapena pa Nkhoma. Ofika pa Sapitwa, nsonga ya phiri la Mulanje, nawonso akuchuluka, ndipo munthu akaima pa Sapitwa mtima umayamba kulakalaka phiri la anzathu a ku Tanzania, Kilimanjaro, lomwe nsonga yake ya Uhuru ili pa mamita 5,895. Phiri limeneli limakopa oyamba kumene chifukwa m'njira zake zodziwika simufunika chingwe kapena luso lokwera matanthwe. Mumangoyenda ndi miyendo yanu mpaka pamwamba. Kuphweka kumeneku ndi komwe kumapweteketsa anthu.

Malangizo a kakweredwe koyenera ndi ambiri, koma amalowera khutu ili n'kutulukira linalo. Ndiye ine ndalemba njira yolakwikayo, yonse, monga momwe anthu amaitsatira kuchokera kunyumba mpaka pamachira. Ndatero chifukwa woyenda m'njira imeneyi saona kuti wasokera. Chilichonse chimene akuchita chimaoneka chanzeru pa nthawiyo. Muiwerenge kuti phazi lanu likadzapondamo mudzaizindikire. Paphiri limeneli pamafa anthu chaka chilichonse, alendo ndi onyamula katundu omwe, choncho sindikulemba zoseketsa.

Yambani ndi kulengeza. Musanadziwe n'komwe kuti njira zokwerera zilipo zingati, ikani chithunzi cha phirilo pa Facebook ndi pa WhatsApp, mulembe ndi tsiku limene mudzaime pamwamba. Sindikizitsani matisheti. Pemphani thandizo kwa abale, kumpingo ndi kuntchito, ndipo abwana akupatseni kansalu ka kampani koti mukakatambasule pa Uhuru. Zimenezi zikatheka, simukweranso nokha. Mwasenza maso a anthu onse amene anasonkha. Usiku umene mutu udzakhale ukung'ambika pa mamita 4,700, funso loti mutsike kapena mupitirire silidzayankhidwa ndi thupi lanu. Adzayankha ndi manyazi. Zolakwika zonse zimene zikubwerazi zimaphukira pamuzu umenewu.

Kenako sankhani ulendo poyang'ana mtengo wokha. Aliyense wolowa m'paki amalipira tsiku lililonse limene wakhalamo, ndipo ife a ku Malawi ndi ku Zambia, poti maiko athu sali m'bungwe la East African Community, timalipira m'madola monga mlendo wina aliyense wakunja. Dola mukudziwa mmene ikuvutira kupeza. Ndiye kuchotsako tsiku limodzi kapena awiri kumaoneka kuti n'kusamala ndalama, ndipo ulendo wotchipa kuposa yonse ndi wa masiku asanu, wodzera njira ya Marangu. Utengeni umenewo.

Manambala ake ndi awa. Tsiku loyamba mumanyamuka pachipata cha Marangu, pa mamita pafupifupi 1,860, n'kukagona pa Mandara, pa 2,700. Lachiwiri mumakagona pa Horombo, pa 3,700. Lachitatu pa Kibo Hut, pa 4,700, pomwe simugonapo kwenikweni chifukwa pakati pa usiku womwewo amakudzutsani kuti mukwere mamita ena 1,200 otsalawo. Ndiye kuti mwakwera mamita 4,000 pasanathe masiku atatu athunthu. Madokotala odziwa za matenda a m'mapiri amati munthu akadutsa mamita 3,000 asamakweze malo ake ogona ndi mamita oposa 500 pa usiku umodzi, komanso azipumula tsiku lathunthu pakatha masiku atatu kapena anayi. Ulendo wa masiku asanuwu umawirikiza muyezo umenewu kawiri, mausiku awiri otsatizana, popanda tsiku lopuma.

Chifukwa chake si chovuta kumva. Mukamakwera, mpweya umapepuka. Pa Uhuru, kupuma kumodzi kumalowetsa pafupifupi theka la okosijeni amene mukanapeza m'mbali mwa nyanja ku Dar es Salaam. Thupi lili ndi njira zake zozolowerera: mumayamba kupuma mozama ndi mofulumira, impso zimasintha magazi kuti kupuma kotereku kupitirire ngakhale muli m'tulo, ndipo pakapita nthawi maselo ofiira amachuluka. Koma zonsezi zimafuna masiku. Palibe ndalama, pemphero kapena kulimba mtima kumene kungazifulumizitse kuti zichitike usiku umodzi. Choncho wofuna kulakwitsa akane tsiku lachisanu ndi chimodzi limene kampani zimapereka, logona kawiri pa Horombo n'kuyenda masana kukafika ku Zebra Rocks. Akanenso njira ya Machame ya masiku asanu ndi awiri, ndi ya Lemosho ya masiku asanu ndi atatu, zomwe zimakukwezani masana kufika pa Lava Tower, pa mamita 4,600, n'kukutsitsani kukagona ku Barranco, pansi pa 4,000, kuti thupi lilawe kaye mpweya wochepawo lisanagonemo. Za kuyamba mwakwera phiri la Meru, lomwe lili pafupi ndi Arusha, asaziganizire n'komwe.

Dalirani mphamvu zanu. Mumathamanga m'mawa uliwonse, kujimu amakudziwani, ndipo Sapitwa munamukwera osapumira m'njira. Kunena zoona, Sapitwa ndi wovuta m'manja ndi m'mawondo kuposa njira ya Marangu, chifukwa kuchokera pa Chisepo mumakwawa pamatanthwe ndi kulowa m'mipata ya miyala. Koma Sapitwa ali pa mamita 3,002, pamwamba pang'ono chabe pa malo amene mumagona usiku woyamba pa Kilimanjaro. Mulanje amayesa miyendo. Za mmene magazi anu amachitira pa mamita 5,000 sangakuuzeni chilichonse, ndipo m'Malawi monse mulibe malo amene angakuuzeni. Matenda a pamwamba sayang'ana kuti uyu ndi wamasewero. Mu December 2010 Martina Navratilova, katswiri wa tenisi amene anapambana Wimbledon kasanu ndi kanayi payekha, anatsitsidwa pa Kilimanjaro ali pamachira, madzi atalowa m'mapapo, n'kukagonekedwa m'chipatala ku Nairobi. Iye anapulumuka chifukwa anatsika. Nthawi zambiri amphamvu ndi amene amagwidwa msanga, popeza miyendo yawo imatha kuwafikitsa kumene magazi awo sanakonzekere.

Kwa dokotala musapiteko. Ngati muli ndi BP, shuga, mphumu kapena vuto la mtima, ingonyamulani mankhwala anu mwakachetechete, osauza kampani kapena anzanu. Musayezetsenso magazi. Kwathu kuno anthu ambiri ali ndi mbewu ya sickle cell m'magazi osadziwa, chifukwa pansi pano siwavutitsa. Pamwamba, okosijeni akachepa ndipo thupi likauma, maselo aja amatha kupindika n'kutseka mitsempha ya kapamba, munthu n'kumva ululu woopsa kumanzere pansi pa nthiti. Amene ali ndi matenda enieniwo a sickle cell, phiri lotere si lawo. Alangizi ambiri a maulendowa amalembera azungu, ndiye nkhani imeneyi saitchula kawirikawiri, koma ife imatikhudza. Mukadwala chimfine kutatsala masiku awiri, nyamukani basi, poti tikiti munagula kale. Ndipo mankhwala a Diamox, omwe amathandizadi thupi kuzolowera akamwedwa mwa malangizo a dokotala kuyambira musanakwere, mupemphe kwa mnzanu m'njira, muyambe kumwa pa Kibo Hut zinthu zitaipa kale.

Nsapato mugule zatsopano sabata yomaliza, muzivale koyamba pachipata. Pofika pa Horombo zidendene zidzakhala matuza okhaokha. Mkati valani malaya a thonje ndi jinzi. Thonje limamwa thukuta n'kulisunga, ndiye mukangoima mphepo n'kuwomba, chovala chomwecho chimakuyamwani kutentha. Poika katundu m'chikwama, yang'anani nyengo ya ku Moshi, tawuni ya m'munsi mwa phirili, komwe anthu amayenda ndi malaya a manja aafupi, muiwale zoti pa mamita 1,000 aliwonse kutentha kumatsika ndi madigiri 6 kapena kuposerapo, mwakuti usiku wokwera pansonga madzi amaundana m'botolo. Apa ndinene kuti vuto si umphawi. Pakaunjika pamapezeka majekete a nthenga, majuzi a ubweya ndi mathalauza osalowa madzi abwino kwambiri, ndipo ku Moshi kuli malo obwereketsa matumba ogonamo ndi magolovesi. Cholakwika n'kusafunsa chofunika. Magalasi a dzuwa asiyeninso, muziti ndi zachibwana. Dzuwa la pamwamba likamenya pa ayisi limawotcha maso, ndipo ululu wake umabwera patapita maola, munthu n'kumangotuluka misozi osatha kutsegula zikope. Khungu lakuda nalo limapsa, milomo n'kusweka.

Pitani mu April kapena May, mvula ikugwa tsiku ndi tsiku, chifukwa ndi pamene mitengo imatsika.

Tsopano kampani. Malamulo a paki salola munthu kukwera popanda gaidi wa chiphaso, ndiye kampani muyenera kukhala nayo ndithu. Funani yotchipitsitsa, ndipo mukaipeza muinenererenso. Musafunse kuti ndalama imene mwadulayo ichoka pati. Ya paki singachepe, ya galimoto singachepe. Imachoka pamalipiro ndi pambale ya wonyamula katundu. Lamulo limati mapotala asanyamule katundu wa alendo woposa makilogalamu 20, ndipo pachipata pali sikelo, koma kampani ya mtundu uwu imadziwa kulemba anthu ochepa n'kuwaunjikira katundu akadutsa pasikelopo. Mudzawaona akukudutsani m'njira: mnyamata atasenza thumba pamutu, chikwama chake kumsana, chigubu m'manja, kuphazi mateki ong'ambika, juzi imodzi yopyapyala. Inu mukamadya supu m'chipinda chodyera, iye akudikira zotsala. Usiku agona mothithikana ndi anzake, ena opanda chofunda chokwanira. Mapotala amafa ndi chisanu paphiri limeneli, ndipo maina awo samveka patali. Ku Moshi kuli bungwe la Kilimanjaro Porters Assistance Project lomwe limayang'anira kampani zimene zinavomera kusamala antchito awo, ndipo mndandanda wa kampanizo aliyense angathe kuuona. Wofuna kulakwitsa asauyang'ane. Aiwalenso kupatula ndalama yothokozera mapotala pomaliza, adzangowagwira chanza n'kunena kuti Mulungu awadalitse. Ife amene timadziwa mmene abale athu a pa Likhubula amavutikira ndi katundu wa alendo, izi zimayenera kutipweteka mumtima kuposa wina aliyense. Komanso dziwani kuti kampani yomana mapotala chakudya ndi yomweyo imene sinyamula silinda ya okosijeni, ndipo anthu anjala aja ndi amene adzakunyamuleni zikadzavuta.

Mukalowa m'nkhalango tsiku loyamba, yendani mwachangu. Njira ndi yabwino, mthunzi ulipo, anyani akuda a mchira woyera akudumpha m'mitengo, ndipo gaidi akuyenda mokhala ngati sakufuna kufika, akungobwereza kuti pole pole. Mudutseni. Fikani pamsasa ola lathunthu anzanu asanafike, mujambule, mudzatumize. Ngati munamva za Karl Egloff, amene mu 2014 anakwera phirili n'kutsika m'maola osakwana asanu ndi awiri, muzimukumbukira iyeyo, koma musakumbukire zoti anabadwira ku Quito, mzinda wa pa mamita oposa 2,800, ndipo kukwera mapiri ndiyo ntchito yake. Gaidi uja amayenda motero chifukwa waona anthu ambiri othamanga tsiku loyamba akusanza tsiku lachitatu.

Madzi muzimwa pang'ono kuti musamadzuke usiku kupita kuchimbudzi kukuzizira. Mpweya wa pamwamba ndi wouma, ndipo kupuma kulikonse kumachotsa madzi m'thupi ngakhale simukutuluka thukuta. Mkodzo ukayamba kuda, musalabadire. Chilakolako cha chakudya chikatha, monga chimachitira pamwamba, kankhani mbaleyo, muziti mpunga ndi supu si chakudya, mudzadya nsima mukatsika.

Pa Horombo mutu udzayamba. Umayamba ngati litsipa wamba, kenako mseru, chizungulire, kutopa kosagwirizana ndi mtunda umene mwayenda. Apa pali msampha umene ndi wathuwathu. Ife tinakulira malungo, ndiye mutu ndi kuphwanya m'thupi timazidziwa dzina lake kale. Nenani kuti ndi kamalungo, kapena kuti ndi dzuwa, mumwe panado awiri, mugone. Lamulo la odziwa ndi lakuti munthu akadwala pamwamba, ayesedwe kuti ndi matenda a pamwamba mpaka patapezeka umboni wina, ndipo asakwerenso mpaka zizindikiro zitatha. Panado amachotsa mutu, koma chimene chautsa mutuwo amachisiya pomwepo.

Madzulo gaidi adzalowa m'chipinda chodyera ali ndi kabuku ndi kachipangizo kopanira chala, koyezera okosijeni m'magazi. Adzayenda mmodzimmodzi. Mutu ukupweteka? Mwadya? Mwasanza? Mwakodza kangati? Anzanu onse ayankha kuti ali bwino, ena mwa iwo akunama. Ikafika nthawi yanu, pumani mwamphamvu kangapo mobisa kuti nambala ikwere, mumwetulire, munene kuti muli bwinobwino. Iye adzakuyang'anani m'maso kanthawi, kenako adzalemba zimene mwanena. Bodza limeneli ndi laling'ono kwambiri, la mawu awiri, koma limatha kupha munthu. Pa Horombo mankhwala ake anali kugona usiku wina pamalo omwewo. Mawa lake mukhala mutakwera mamita ena 1,000, mutadutsa chipululu cha pakati pa nsonga za Mawenzi ndi Kibo, kutali ndi thandizo.

Tulo tikavuta, imwani mankhwala ogonetsa kapena kachasu pang'ono woti mutenthetse m'thupi. Pamwamba munthu akagona, kupuma kumadukizadukiza: amapuma mofulumira, kenako amaima kwa kanthawi, n'kudzidzimuka ngati akutsamwa. Zimaopsa koma n'zachibadwa. Mowa ndi mankhwala ambiri ogonetsa amafooketsa kupuma pa nthawi yomwe thupi likulimbana kuti lipume kwambiri, ndipo mowa umatsegula mitsempha ya pakhungu, mumamva kutentha pamene kutenthako kukutuluka.

Chifuwa chikayamba, nenani kuti ndi fumbi. Poyamba chimakhala chouma. Kenako mumaona kuti anzanu amene munkawasiya akukusiyani, ndipo mukakhala pansi befu sakutha. Ichi ndicho chizindikiro chachikulu: kupuma mwawefuwefu munthu atakhala phee. Usiku simutha kugona chagada, mumafuna kutsamira. M'chifuwa mumamveka kubwata ngati phala lili pamoto, milomo ndi zikhadabo zimachita bii, ndipo pomaliza makhololo amatuluka a thovu, ofiirira. Amenewo ndi madzi m'mapapo, ndipo munthu angathe kufa usiku umodzi. Pa 18 July 2016 Gugu Zulu, katswiri wa mipikisano ya galimoto wa ku South Africa, anamwalira ali ndi zaka 38 atavutika kupuma pa Kilimanjaro, pa ulendo wa Trek4Mandela wothandiza atsikana a sukulu. Sindikumutchula pofuna kumuimba mlandu. Ndikumutchula kuti mudziwe kuti zimagwera munthu wamphamvu, wachinyamata, woyenda m'gulu lalikulu ndi cholinga chabwino.

Gulu nalo lili ndi mbali yake pa kulakwitsaku, ndipo limachita mwachikondi. Mnzanu akati sakupeza bwino, mulimbikitseni. Muuzeni kuti mwamuna safooka, kuti mwachokera limodzi kutali, kuti kwatsala pang'ono. Mutengereni chikwama. Gwiranani manja mupemphere, mukatha mupitirize kukwera. Kupemphera n'kwabwino, koma pempherani mukutsika naye. Kapena musiyeni yekha m'chipinda kuti apume, inu mupite pansonga, mudzamupeza pobwerera. Munthu wodwala matenda a pamwamba sasiyidwa yekha, ndipo satumizidwa kutsika yekha, chifukwa chimodzi mwa zimene matendawa amawononga ndi nzeru zoganizira.

Usiku wa pansonga amakudzutsani cha m'ma 11 koloko. Mumwa tiyi ndi mabisiketi, ngati zilowa. Kunja kuli mdima ndi mphepo, ndipo mukakweza maso mumaona mzere wa matochi ukukhotakhota kukwera m'mwamba mpaka osasiyanitsanso tochi ndi nyenyezi. Pansi ndi timiyala totayirira. Mukaponda, phazi limabwerera m'mbuyo pang'ono. Mumayenda mapazi khumi, n'kuima, n'kutsamira ndodo. Mabatire a tochi yanu, poti simunabweretse ena, afooka ndi kuzizira. Madzi aundana m'kapaipi komwera kochokera m'chikwama chifukwa simunauzire kuti abwerere mkati. Zala za kuphazi simukuzimvanso. Zonsezi zimachitikira pafupifupi aliyense, ndipo munthu wozolowera bwino amapirira n'kufika. Koma inu mwayamba kupunthwa pamalo opanda mwala. Zipi ya jekete ikukukanikani. Gaidi akakufunsani dzina la mwana wanu, mukuchedwa kuyankha, ndipo mukukalipa popanda chifukwa. Akakuuzani kuti muyende mzere wowongoka, chidendene kutsogolo kwa chala, mukupita dzandidzandi. Umenewo ndi ubongo wayamba kutupa. Ukapitirira, munthu amagona tulo tosadzukanso.

Gaidi adzanena kuti mutsike. Kanani. Mukumbutseni ndalama zimene munalipira. Mulonjezeni kena kake mukafika pansi, kapena mumuopseze kuti mukamuneneza kwa abwana ake. Iye ndi munthu wapantchito, ali ndi ana, ndipo akudziwa kuti mlendo wokhumudwa sapereka ndalama yothokoza ndipo amalemba zoipa pa intaneti. Ena amagonja. Ndiye mudzaona, kapena mudzakhala, munthu amene akukokedwa ndi anthu awiri m'khwapa, mapazi akukhukhuluzika, maso ali gwa, kupita m'mwamba. Chithunzi chidzajambulidwa pachikwangwani, koma mwini wake sadzakumbukira kuti anafikapo. Musalole kumva zoti pa Gilman's Point, m'mphepete mwa chigwa cha pamwamba, pa mamita pafupifupi 5,700, ndi pofika kale ndipo paki imapereka satifiketi yake. Musamvenso zoti Hans Meyer, amene pamodzi ndi Ludwig Purtscheller anali oyamba kulembedwa kuti afika pansonga mu 1889, anali atabwererapo panjira mu 1887 ataona kuti alibe zida zoyenera ayisi.

Mukafika pa Uhuru, khalitsanipo. Vulani magolovesi, mujambule ndi kansalu ka kampani, ka mpingo, ka timu ya mpira, muyese kuimba foni kunyumba. Mphamvu zonse muthere pokwera, osasiyako zotsikira. Komatu tsiku limenelo silithera pamwamba. Muyenera kutsika timiyala tija mpaka pa Kibo Hut, kupuma pang'ono, n'kuyendanso mpaka pa Horombo, mamita oposa 2,000 kutsika, mawondo akunjenjemera, mutayenda kale usiku wonse. Anthu ambiri amagwa ndi kuthyoka potsika. Ngati simungathenso kuyenda, pali machira a tayala limodzi omwe mapotala amakankha mothamanga m'njira ya miyala. Helikopita imabwera nyengo ikalola, pamalo ochepa okha, ndipo imafuna inshuwalansi yomwe imavomera mtunda wa mamita 6,000. Imeneyonso musagule, kapena mugule wamba osawerenga kuti imalekezera pati.

Potsika, poti njira mwaiona kale, musiyeni gaidi m'mbuyo. Nkhungu paphiri imabwera m'mphindi zochepa, ndipo ikafika miyala yonse imafanana. Izi sitifunikira kukaziphunzira ku Tanzania. Mu July 2009 Gabriel Buchmann wa ku Brazil anapita ku Sapitwa atasiya womutsogolera, nyengo inasintha, ndipo thupi lake linapezeka patapita masabata, atafa ndi chisanu, paphiri lomwe kutalika kwake ndi theka chabe la Kilimanjaro.

Mwina mungachite zonsezi n'kupulumuka. Ambiri amapulumuka, ndipo n'chifukwa chake njira imeneyi siitha. Mukatero, malizitsani ntchito: bwererani kunyumba muziuza aliyense kuti phirilo ndi losavuta, masiku asanu ndi okwanira, ofuna asanu ndi atatu akungodyeredwa. Za kusanza ndi kukokedwa musanene. Gulu lotsatira lidzasungitsa ulendo womwewo chifukwa cha mawu anu. Kenako inu lembetsani Island Peak kapena Mera Peak ku Nepal, mapiri opitirira mamita 6,000 omwe amalengezedwa kuti ndi a oyamba kumene, musanavalepo zitsulo zoponda pa ayisi, musanaphunzire kudzimangirira pachingwe kapena kudziimitsa ndi nkhwangwa ya ayisi mukaterereka. Kumeneko kuli ming'alu yakuya yobisika pansi pa chipale, ndipo mawu oti oyamba kumene amatanthauza oyamba amene aphunzitsidwa. Mukatera pa Lukla, mukanenso kugona kawiri pa Namche Bazaar, muziti Kilimanjaro munakwera m'masiku asanu.

Tsopano ndilankhule ndi inu amene mumatsogolera magulu athu oyenda m'mapiri, chifukwa ndinu amene mumatolera ndalama ndi kusankha kampani. Musanalandire kwacha ya munthu, khalani pansi ndi gulu lonse mugwirizane zinthu zitatu pamaso pa aliyense: kuti mawu a gaidi akati tsikani ndi omaliza, kuti wodwala atsika ndi mnzake wa m'gulu amene mwamutchuliratu dzina, ndi kuti wobwerera panjira mudzamulandira pagulu la WhatsApp monga mmene mudzalandirire wofika pa Uhuru. Auzeni osonkha ndalama kuti akuthandiza ulendo, sakugula chithunzi cha pansonga. Matenda a pamwamba akagwidwa msanga, kutsika mamita 500 kapena 1,000 kokha kumabweza munthu m'maola ochepa. Ndipo ngati ndalama zimene zasonkhedwa zikungokwana ulendo wa masiku asanu, musanyamuke chaka chino. Sonkhaninso, mudzapite ndi masiku asanu ndi awiri kapena asanu ndi atatu.